WALIRA MVULA WALIRA MATOPE: ULENDO WA KUNJA M'NYENGO YA DZINJA

Mwezi wa Disembala ukafika, siteshoni yaikulu ya mabasi ya Intercity, imene iri pa mseu wa Dedan Kimathi mu mzinda wa Lusaka, imadzaza anthu kusanace. Mvula imakhala iri kulira pa malata, madzi ali kuyenderera pakati pa mabasi, ndipo anyamata onyamula katundu ali kuthamanga uku ndi uku atafunda mapulasitiki. Pakati pa khamu limeneli pamakhala anthu ambiri ocokera ku midzi ya ku Chongwe, Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi, amene agona kwa abale ao mu mzinda, ndipo ali kuyembekeza basi ya ku Harare, ya ku Johannesburg, kapena ya ku Nakonde pa malire a Tanzania.

Mlimi weni-weni sakonda kusiya mudzi wace m'dzinja, pakuti imeneyi ndiyo nyengo imene cakudya ca caka conse cimapezeka kapena kutayika. Koma cakudza siciimba ng'oma. Mwana amene anapita ku nchito ku South Africa amaitana makolo ace kuti akadye naye Krisimasi. Mlongo amene anakwatiwa ku Malawi amatumiza uthenga wa maliro. Mnyamata amene wapeza malo pa sukulu ya ku dziko lina ayenera kufika maphunziro asanayambe, ndipo amai a malonda amafuna kukatenga zobvala ndi nsapato ku Dar es Salaam pamene ogula ali ambiri. Maulendo otere sayembekeza kuti mvula ikate.

Akulu-akulu anati walira mvula walira matope, ndipo matope a ulendo wa m'dzinja ndi ambiri: mitsinje yosefukira, mabasi ocedwa, malungo, kolera, ndi munda umene watsala wopanda mwini. Komabe amene anayendapo pa nyengo imeneyi amacitira umboni kuti dziko silikongola nthawi ina monga m'mene limakongolera m'dzinja. Cimene cimasiyanitsa munthu wobwera akusimba zokoma ndi mnzace wobwera akudandaula, kawiri-kawiri ndi zimene anacita asanakwere basi.

MUNDA UYAMBE WAKONZEDWA

Kukonzekera kumayambira ku munda. M'zigawo za Kum'mawa ndi Lusaka cimanga cimabzalidwa ndi mvula yoyamba yokhazikika, kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira pakati pa Disembala. Alangizi a malimidwe amaphunzitsa kuti udzu ukapambana cimanga pa masabata 6 oyamba, zokolola zimacepa ngakhale mvula igwe bwino cotani. Fataleza wa pansi, wa Compound D, amathiridwa pobzala kapena mbeu zitangomera, ndipo wa pamwamba, wa Urea, amathiridwa cimanga cikafika m'maondo. Munthu amene acoka pa mudzi pakati pa nchito zimenezi osasiya womgwirira khasu, walipira ulendo wace ndi nkhokwe yace.

Cifukwa ca ici, ngati ulendo uli wotheka kuusankhira tsiku, nthawi yabwino ndiyo kumapeto kwa Januwale kapena mu Febuluwale, kupalira kwaciwiri kutatha ndipo fataleza wa pamwamba atalowa m'nthaka. Ngati uli wa mwadzidzidzi, banja liyenera kukhala pansi ndi kugawana nchito: wopalira, wothira fataleza, woweta ng'ombe kuti zisalowe m'minda ya eni, ndi woyendera munda m'mawa uli wonse. Mbozi zoononga cimanga zija zimene zinaoneka koyamba m'Zambia kumapeto kwa 2016 zimabisala m'kati mwa nsonga ya mmera, ndipo munda wosayenderedwa zimauononga mwini asanadziwe.

Denga liyenera kuonedwa ngati likudontha, ngalande yozungulira nyumba ikumbidwe, ndipo mfumu ya mudzi iuzidwe kumene munthu apita ndi tsiku limene ayembekeza kubwerera.

Ciyeso cacikulu ndico kugulitsa cimanga ca m'nkhokwe pofuna ndalama za ulendo. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi ya njala, ndipo palibe amene adziwa za zokolola pamene cimanga cisanabereke. M'dzinja la 2023 kulowa 2024 minda yambiri inamera bwino, koma mvula inadula pakati, kufikira Mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale 2024 kuti cilala cimeneco cinali tsoka la dziko lonse. Mabanja amene anali atasunga cimanga cakale ndiwo anapulumuka bwino. Ndi bwino kugulitsa mbuzi kapena kucepetsa mphatso, kusiyana ndi kusiya ana akuyang'ana nkhokwe yopanda kanthu.

MAPEPALA SAKONZEDWA PA TSIKU LA ULENDO

Palibe munthu angaoloke malire mwalamulo popanda pasipoti kapena cikalata cina ca ulendo coperekedwa ndi Boma. Mapasipoti amaperekedwa ndi dipatimenti yoona za kalembera wa anthu, mapasipoti ndi unzika, imene likulu lace liri mu Lusaka, ndipo maofesi ena ali m'matauni akulu a zigawo monga Chipata. Wopempha afunika kukhala ndi reji yace yobiriwira ya NRC, zithunzi za nkhope, ndi ndalama zimene Boma linaika, ndipo polipira alandire lisiti. Pasipoti ya munthu wamkulu imagwira nchito zaka 10, ya mwana zaka 5. Maiko ambiri salandira pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosakwana 6 kuti ithe mphamvu, motero amene ali nayo kale aitulutse m'bokosi ndi kuwerenga tsiku lace kudakali nthawi. Kumapeto kwa caka opempha amaculuka, ndipo wanzeru amayamba nkhani imeneyi atangokolola.

Mu mzinda simulephera kukhala anthu olankhula mokoma amene amalonjeza kutulutsa pasipoti m'masiku awiri ngati apatsidwa kangacepe. Safunsa anadya phula. Munthu wa ku mudzi alowe m'kati mwa ofesi ndi kufunsa wa nchito ya Boma, asapereke ndalama kapena reji yace kwa munthu wa pa mseu.

Nzika ya Zambia yopita kukaceza kwa masiku owerengeka ku Malawi, Zimbabwe, Botswana, Mozambique, Tanzania kapena South Africa siifunika viza. Koma cidindo cimene cimadindidwa pa malire cimanena masiku amene mlendo waloledwa kukhala, ndipo wopitiriza masikuwo amalipiritsidwa kapena kuletsedwa kudzalowanso. Ku South Africa ciletso cotere cikhoza kufika zaka 5, cimene ciri cowawa kwa kholo limene ana ace ali kumeneko. Maiko monga Britain ndi America amafuna viza yopemphedwa munthu asananyamuke, ndipo yankho limatenga masabata. Maofesi a akazembe a maiko ambiri ali ku Longacres, Kabulonga ndi madera ena a kum'mawa kwa mzinda. Dziko la Zambia nalonso liri ndi akazembe ace ku Lilongwe, Harare, Gaborone, Maputo, Pretoria ndi Dar es Salaam, ndipo ndi kwa iwo kumene munthu wotaya pasipoti amathawira. Nambala yao ya lamya ilembedwe pa pepala munthu asanacoke.

Mwana ayenera kukhala ndi pasipoti yace-yace. Ngati ayenda ndi kholo limodzi, agogo kapena amalume, patengedwe cikalata cace ca kubadwa pamodzi ndi kalata yolumbirira ya kholo lotsala, pakuti oona za malire amasamala kwambiri za kubedwa kwa ana. Mapepala onsewa akulungidwe m'pulasitiki ndi kusungidwa pa thupi, asaikidwe m'sutukesi imene idzalowa pansi pa basi. Pasipoti yonyowa, imene cithunzi cace cafufuma, ikhoza kukanidwa.

LUSAKA M'MVULA

Mzinda wa Lusaka, umene unakhala likulu la dziko mu 1935, unamangidwa pa malo athyathyathya, pamwamba pa miyala ya laimu imene madzi ace a pansi ali pafupi. Pa caka pamagwa mvula yokwana pafupi-fupi mamilimita 800, ndipo yambiri imagwa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Popeza malo alibe citsetse, madzi amasowa kopita. Ku Kanyama, Misisi ndi Chawama nyumba zimalowa madzi, ndipo miseu ina ya pakati pa tauni imasanduka madambo. Ngalande yaikulu ya Bombay, imene inakonzedwa ndi simenti mwa thandizo la dziko la America, inacepetsa bvutoli m'madera ena, koma zinyalala zikatseka ngalande zazing'ono madzi amabwerera m'mseu.

Mlendo wocokera ku mudzi asankhe bwino kogona. Amene adzakwera basi acita bwino kugona kwa abale a ku Kabwata, pakuti ndi pafupi ndi tauni ndi siteshoni ya Intercity. Amene adzakwera ndeke acita bwino kugona ku Chelstone, kumene kuli m'mbali mwa mseu wa Great East, mbali yomweyo ya bwalo la ndeke. Wogona ku Woodlands kapena Kabulonga apangane ndi wa takisi madzulo, cifukwa mabasi ang'ono-ang'ono sapezeka msanga m'bandakuca, maka-maka mvula ikamagwa. Tikiti igulidwe dzulo lace pa ofesi ya kampani ya basi, ndipo anyamata oitanira anthu asaloledwe kulanda cola m'manja. Poyenda pansi munthu apewe kuponda m'madzi amene sakuona pansi pace, pakuti ngalande zosabvundikira zimabisala m'menemo.

Wopita kwa eni sapita cimanja-manja. Pa mseu wa Burma ku Kabwata pali mudzi wa zacikhalidwe wa Kabwata Cultural Village, m'nyumba zozungulira zofolera ndi udzu zimene boma la atsamunda linamangira anchito acikuda. Zambiri zinagwetsedwa, koma zotsala zinasungidwa m'zaka za m'ma 1970 kuti amisiri azisemeramo ndi kugulitsa ziboliboli, ng'oma, madengu ndi mikanda. Citenje cabwino cimapezeka m'masitolo a ku Kamwala. Koma pali katundu wina amene amasandutsa mlendo kukhala wandende: minyanga ya njobvu, zikopa ndi nyama ya m'thengo, ndiponso camba. Mbeu, nyama ndi ufa wambiri ziri ndi malamulo ace pa malire, ndipo ndi bwino kufunsa a kasitomu. Koposa zonse, munthu asabvomere kunyamulira phukusi munthu amene samdziwa, ngakhale apemphe mwaulemu cotani.

UMOYO PA ULENDO

Dzinja ndi nyengo ya udzudzu. Neti yogonamo siilemera, ndipo ikhale m'cola ngakhale munthu apita kwa abale. Wodwala mutu ndi kutentha thupi ali pa ulendo, kapena atangobwerako, apite ku cipatala kukapimitsa magazi tsiku lomwelo ndi kunena kumene anali.

Kolera nayo imayenda ndi mvula, ndipo siidziwa malire. Kuyambira Okutobala 2023 kufikira m'miyezi yoyamba ya 2024 matendawa anagwira anthu oposa 20,000 m'Zambia ndi kupha oposa 700. Bwalo la masewera la National Heroes mu Lusaka linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu amene anayenera kutsegulidwa mu Januwale anatsegulidwa pa 12 Febuluwale. Ku Malawi mliri umene unayamba mu Malici 2022 unapha anthu oposa 1,700. Kolera imalowa m'thupi kupyolera m'madzi ndi cakudya codetsedwa. Wa pa ulendo amwe madzi owiritsa, othira klorini kapena a m'botolo lotsekedwa, adye cakudya cotentha, asambe m'manja ndi sopo, ndipo mango wogula pa windo la basi atsukidwe asanalowe m'kamwa. Timapaketi ta mcere ndi shuga tothandiza wotsekula m'mimba timagulidwa pa mtengo wocepa, ndipo tapulumutsa anthu ambiri asanafike ku cipatala.

Amene amamwa mankhwala masiku onse, monga a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena ma ARV, auze a ku kiliniki za ulendo wao kuti apatsidwe okwanira, ndi kuonjezapo a masiku ena, popeza m'dzinja tsiku lobwerera limasintha. Khadi la ku cipatala liyende nao. Maiko ena amafunsanso khadi lacikasu la katemera wa yellow fever, maka-maka kwa munthu amene wadzera ku maiko kumene matendawa amapezeka, monga Congo ndi Angola.

NJIRA YA KUM'MAWA

Kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata pali makilomita pafupi-fupi 570, kudzera ku Chongwe, Rufunsa, Nyimba, Petauke, Sinda ndi Katete. Malo ofuna kusamala ndi mapiri a Manenekela, mseu usanatsikire ku ulalo wa Luangwa umene unatsegulidwa mu 1968. Pamenepa mseu ndi wokhota-khota, ndipo mvula ndi nkhungu zimabisa malole amene afera m'njira. Okwera asakakamize dalaivala kuthamanga. Koma amene adzadutsa pamenepo masana adzaona mapiri atabvala msipu, mitambo itakhala pa nsonga zace, ndi mtsinje wa Luangwa utadzaza madzi ofiira kucokera gombe lino kufika tsidya lija.

Anthu a ku cigawo ca Kum'mawa safunika kudzera ku Lusaka popita ku Malawi, pakuti malire a Mwami ali pafupi ndi Chipata. Mu Disembala 2022 a Hichilema pamodzi ndi a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa Malawi pa nthawiyo, anatsegula nyumba yatsopano ya pa malire a Mwami ndi Mchinji, m'mene wa pa ulendo amadinditsa mapepala a maiko onse awiri pa malo amodzi. Kucokera pamenepo Lilongwe ndi ulendo wa maola awiri, ndipo amene ali ndi masiku akhoza kupitirira ku Salima kukaona nyanja ya Malawi ndi kulawa cambo.

Wopita kum'mwera kwa Malawi kapena ku Mozambique amvere wailesi asananyamuke, cifukwa kuyambira Novembala kufikira Epulo ndi nyengo ya anamondwe ocokera ku nyanja ya mcere ya India. Namondwe wa Idai anasakaza Beira ndi Chimanimani mu Malici 2019. Wa Ana, mu Januwale 2022, anagwetsa ulalo wa pa mtsinje wa Revuboe pakati pa Tete ndi Moatize. Wa Freddy, mu Malici 2023, anagumula mapiri ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe, ndipo anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Anamondwe amalengezedwa masiku angapo asanafike, motero wakumva cenjezo ayembekeze. Madzi saiwala khwawa. Basi ikafika pa ulalo umene wamira, okwera ali ndi ufulu wotsika ndi kukana kuoloka.

NJIRA YA KUM'MWERA NDI YA KUMPOTO

Wopita ku Harare amadzera ku Kafue ndi kutsika mapiri kufika ku Chirundu, makilomita pafupi-fupi 135 kucokera ku Lusaka. Citsetse cimeneci cimaterera m'mvula, ndipo lole imodzi ikagwa mseu wonse umaima. Malire a Chirundu anayamba kudinda mapepala pa malo amodzi mu 2009. Amene apitirira ku Johannesburg akonzekere mzere wautali pa Beitbridge, pamene pamadzaza koposa masiku a Krisimasi ndi kuciyambi kwa Januwale. Njira ina ndi ya ku Livingstone ndi Kazungula, kumene ulalo wa mamita 923 unatsegulidwa mu Meyi 2021, ndipo unathetsa kuyembekeza pantuni pa Zambezi. Ku Botswana mlendo adzapeza kuti ndalama yao ndi Pula, ndiko kunena kuti mvula, pakuti m'dziko louma lija palibe cuma coposa madzi.

Wodzera ku Livingstone asapitirire osaona Mosi-oa-Tunya. Mu Okutobala ndi Novembala mbali ya Zambia imakhala miyala yokha-yokha m'malo ambiri, koma kuyambira Febuluwale madzi amakwera, ndipo pofika Epulo utsi wace umaoneka munthu ali kutali. Pamenepo mlendo amabvumbwa ngakhale kumwamba kulibe mtambo.

Njira ya kumpoto ndi ya basi kufika ku Nakonde, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 1,000, kapena ya njanji ya TAZARA, imene inamangidwa ndi thandizo la dziko la China kuyambira 1970 kufikira 1975. Njanjiyi imayambira ku Kapiri Mposhi ndi kutha makilomita 1,860 kufika ku Dar es Salaam. Pakati pa Makambako ndi Mlimba imapyola m'mapanga ndi pa maulalo aatali, ndipo mvula ikaculuka dothi limagumukira pa njanji, sitima n'kucedwa. Sitima ya anthu yakhala ikuimitsidwa nthawi zina, monga mu 2020 pa mliri wa Covid-19, cotero munthu afunse ku ofesi ya TAZARA asanapite ku Kapiri Mposhi. Wokwera sitima atenge kamba woonjezera ndi mtima wodekha. Mphotho yace ndi mapiri a Mbeya, minda ya mpunga ya ku Kilombero, ndi nyama za m'thengo zimene nthawi zina zimaoneka pa windo pamene sitima ipyola m'nkhalango ya Nyerere. Akaoloka malire asunthe wochi yace, pakuti nthawi ya ku Tanzania iri patsogolo ndi ola limodzi.

NJIRA YA MU MLENGA-LENGA

Bwalo la ndeke la Lusaka, limene linapatsidwa dzina la Dr Kenneth Kaunda mu 2011, liri pa mtunda wa makilomita pafupi-fupi 25 kucokera pakati pa mzinda, ndipo nyumba yace yatsopano inatsegulidwa mu Ogasiti 2021. Ndeke imafika ku Johannesburg m'maola awiri. Wokwera afike pa bwalo kutatsala maola atatu, ataonjezapo nthawi ya mseu wa Great East umene umathinana mvula ikagwa. Wokwera koyamba asaope ndeke ikamagwedezeka m'mitambo, pakuti oyendetsa ali ndi makina oonera mvula ya mabingu patali ndipo amailambalala. Posakhalitsa ndeke imatulukira pamwamba, pamene dzuwa liri ngwee, mitambo iri pansi ngati munda wa thonje.

Munthu asaganize kuti nyengo ya kwao ndiyo ya dziko lonse. Ku Johannesburg mvula imagwa m'miyezi yomweyi, kawiri-kawiri madzulo ndi mabingu, koma ku Cape Town Disembala ndi cilimwe, ndipo mvula yao imagwa mu Juni ndi Julayi. Ku London Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya cisanu coopsya, dzuwa limalowa nthawi ya 4 koloko, ndipo jekete la mvula la ku Lusaka silikwanira. Ku Dar es Salaam kumatentha, ndipo mvula yaikulu imagwa kuyambira Malici kufikira Meyi. Aswahili nyengo imeneyo amaiti masika, liu limene m'Cinyanja litanthauza nthawi yokolola. Woitanidwa kuti abwere pa masika afunse bwino, angapite ndi dengu kumene kufunika ambulera.

NDALAMA NDI ULEMU

Ndalama zisinthidwe ku banki kapena ku maofesi obvomerezeka osinthira ndalama, amene ali ambiri pa mseu wa Cairo, ndipo lisiti isungidwe. Osintha a pa malire ali ndi manja ofulumira kuposa maso a mlendo. Kwacha ya Zambia ndi Kwacha ya Malawi zimangofanana dzina, mphamvu zace ndi zosiyana kutali, ndipo ya Malawi inatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ku Zimbabwe madola a America amagwira nchito kwambiri pamodzi ndi ndalama yao ya ZiG imene inayamba mu Epulo 2024. Ndalama zigawidwe pawiri, zina m'thumba, zina zobisika, ndipo ya tikiti yobwerera isakhudzidwe ngakhale msika ukome cotani. Pakhalenso ya malo ogona usiku umodzi kapena uwiri, pakuti m'dzinja basi imagona pa njira.

Zonsezi zikakonzeka, cotsala ndi kukondwa. Mcewa wofika ku Mchinji, Dedza kapena Angonia adzapeza kuti sanacoke kwao kweni-kweni: cinenero ndi cimodzi, mafuko a Phiri ndi Banda ndi omwewo, ndipo Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamlemekeza mu 2005, ndi wa maiko onse atatu. Adzakumana ndi anthu amene amabwera ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba mu Ogasiti, ndi Angoni amene amaoloka malire kudzaona Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, mvula iri m'kati. Dzinja ndi nyengo ya bowa, inswa, mango, ndiwo za masamba ndi cimanga caciwisi, ndipo dziko liri lonse liri ndi kaphikidwe kace. Mlimi adzaonanso m'mene anzace a ku maiko ena amapangira mizere, amatetezera nthaka ku madzi ndi kusakaniza mbeu, zinthu zimene sizioneka m'cilimwe pamene minda iri mapesi okha-okha.

Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Alemekeze malamulo a eni dziko, asalowe m'mikangano ya ndale zao, athandize pa nyumba imene wafikira, ndipo atsazike masiku a pa cidindo asanathe. Azitumiza uthenga ku mudzi kuti adziwe m'mene munda uliri, ndi kuti otsala asade nkhawa akamva za madzi osefukira pa wailesi.

Pobwerera, basi ikaoloka Luangwa ndi kuyamba kukwera kulinga ku Nyimba, maso a mlimi amacoka pa katundu wace ndi kupita ku minda ya m'mbali mwa mseu. Amene anasiya zinthu m'cimake amatsika pa mphambano ya kwao nsapato ziri matope, citenje ca mphatso ciri m'cola, ndipo asanalowe m'nyumba amayamba wapatukira ku munda, kumene amapeza cimanga cace citamasula ngaiyaye.